Chimene chimagwetsa wosewera basketball woyendayenda ndi pepala

Ish Smith anasewerera matimu 13 mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, kuposa wosewera wina aliyense m'mbiri ya ligiyo. Atamaliza sukulu ku yunivesite ya Wake Forest mu 2010 panalibe timu imene inamutenga pa draft, mwambo wa pachaka umene matimu amasankhira osewera atsopano. Ambiri akamva nambala imeneyi amangoti ameneyu ankathamangitsidwa paliponse. Tatembenuzani nkhaniyo muione mbali inayo. Matimu 13 anakhala pansi, n'kuona kuti akusowa munthu wothamanga ndi mpira, wosachedwa kugwira kaseweredwe ka timu, wosanyinyirika akaikidwa pa benchi, ndipo onsewo anaitana munthu yemweyo. Anakhala mu ligiyo masizoni 14, ndipo mu 2023 ananyamula chikho ndi Denver Nuggets.

NBA ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse ili ndi malo 15 a makontirakiti athunthu. Malo onse pamodzi ndi 450. Chaka chilichonse pa draft pamalowa achinyamata ena 60, kutanthauza kuti ena amene analipo ayenera kutuluka. Osewera ochita kukhazikika pa timu imodzi zaka khumi ndi owerengeka. Unyinji wa anthu amene amadyera basketball ndi oyendayenda: chaka chino ali ku Poland, chaka chamawa ku Turkey, pakati pa sizoni aitanidwa ku Argentina. Kuyendayenda ndiyo ntchitoyo. Ndipo ife tikuti ambiri mwa amene ntchitoyi imawathera msanga sagwa chifukwa chosowa luso. Amagwera pa kontirakiti imene sanaiwerenge bwino, pa pasipoti imene ali nayo, pa kalata imene sinatuluke pa nthawi yake. Ngozi zonse za malonda amenewa zinasenzetsedwa munthu mmodzi, wosewerayo, ndipo zimenezi n'zofunika kusintha.

Kwa wosewera wa ku America, njira ya kwawo imayamba mu Julayi ku Las Vegas pa Summer League, pamene anthu ambirimbiri amalimbirana mpata woti aitanidwe ku kampu ya timu. Akadulidwa ku kampu amapita ku G League, ligi yachiwiri imene inayamba mu 2001. Mu sizoni ya 2018 mpaka 2019 malipiro wamba kumeneko anali madola 7,000 pamwezi kwa miyezi isanu, pamene wosewera yemweyo akanatha kupeza zochuluka pa timu yapakatikati ya ku Ulaya. Chomwe chimamusunga ndi kuyandikira. Kuyambira pa 5 Januwale matimu a NBA amaloledwa kupereka makontirakiti a masiku 10. Timu imodzi ikhoza kumupatsa munthu makontirakiti oterowo awiri okha pa sizoni. Ikatero iyenera kumusainitsa mpaka kumapeto kwa sizoni kapena kumusiya. Palinso tsiku la 10 Januwale, pamene makontirakiti osatsimikizika amasanduka otsimikizika, ndiye matimu amadula anthu masiku ochepa tsikulo lisanafike. Palinso makontirakiti a two-way, amene anayamba mu 2017 ndipo pano timu iliyonse ili ndi malo atatu: wosewera amagawika pakati pa NBA ndi G League, sapitirira masewero 50 a NBA, komanso saloledwa kusewera m'ma playoff, masewero a kumapeto kwa sizoni olimbirana chikho.

Nkhani ya Andre Ingram imakonda kukambidwa ngati umboni wakuti kupirira kumapindula. Anakhala zaka khumi mu G League, ndipo mu Epulo 2018, ali ndi zaka 32, Los Angeles Lakers inamuitana. Usiku wake woyamba anamwetsa mapointi 19 polimbana ndi Houston Rockets. Aliyense wokonda masewerowa anakhudzidwa. Komabe sitingalangize wachinyamata kuti atsate njira imeneyo. Zaka za pakati pa 23 ndi 30 ndizo zimene thupi limagulitsika pa mtengo wabwino, ndipo sizibwerera. Masizoni awiri mu G League ndi okwanira kuti matimu onse 30 amuone munthu bwinobwino. Ngati foni sinalire m'masizoni awiriwo, akatenge pasipoti. Amene ali ndi chifukwa chomveka chodikirirabe ndi uyo wasewera kale masizoni awiri mu NBA, popeza penshoni ya ligiyo imafuna masizoni atatu.

Kunja, chinthu choyamba chimene chimamudabwitsa ndi masewero enieniwo. Pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, masewero amatenga mphindi 40, osati 48. Munthu amatuluka akachita mafaulo asanu, osati asanu ndi limodzi. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75, pamene ku NBA uli pa 7.24. Woponyera patali amasangalala nazo, koma theka la mita limenelo limapanikiza osewera khumi m'malo ochepa, ndipo mipata yodutsa imatsekeka. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti ku FIBA kulibe lamulo loletsa wotchinga kuima pansi pa ringi kupitirira masekondi atatu. Wosewera amene anazolowera kudutsa munthu wake n'kupeza njira yoyera, kuno akadutsa amakumana ndi chimphona cha mamita 2.10 chitaima pomwepo, manja ali m'mwamba. Mpira ukagunda ringi, aliyense akhoza kuuchotsa pamenepo. Oimbira nawo salekerera phazi lonyamuka mpira usanagunde pansi, ndipo mlendo amataya mipira ingapo m'masabata oyamba chifukwa cha sitepe yoyamba imene kwawo sankamuimbira.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Timu imene yalipira ndege, nyumba ndi malipiro oposa a ana a m'dzikomo imayembekeza kuti kalumoko kamete tsiku loyamba. M'maligi ambiri a ku Ulaya matimu a kumunsi amatsika ligi, ndipo timu yapakatikati imasewera kamodzi pa sabata, choncho kuluza katatu motsatana kumatanthauza mwezi wathunthu wa mantha. Mphunzitsi akamaopa kuchotsedwa ntchito, woyamba kuperekedwa nsembe ndi mlendo, chifukwa malo ake ndi osavuta kuikapo wina. Woyendayenda wochenjera amafunsa asanakwere ndege: mukundifunira ntchito yanji, mphindi zingati, ndipo amene anali pa malo amenewa chaka chatha anachoka bwanji? Wina amalembedwa kuti azimwetsa mapointi 18, wina kuti azimaka munthu woopsa wa timu inayo ndi kutola mipira yobwerera. Amene wasokoneza ziwirizi amapakira zikwama Khirisimasi isanafike.

Tifike pa pepala, pamene pagona nkhani. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: nambala yaikulu ya patsamba loyamba siuza munthu zambiri. Choyamba kuonetsetsa n'chakuti ndalamayo ndi yotsala msonkho utachotsedwa kale kapena ayi. Makontirakiti ambiri a alendo ku Ulaya amalembedwa kuti kalabu ndiyo ilipira msonkho wa m'dzikomo, koma lonjezolo n'lopanda mphamvu ngati palibe mzere wonena kuti kalabu idzapereka chikalata chotsimikiza kuti msonkhowo unalipidwadi. Nzika ya America imayenera kufotokoza kwawo ndalama zonse zimene yapeza kulikonse padziko, ndipo popanda chikalatacho ikhoza kulipira msonkho kawiri. Chachiwiri ndi mtundu wa ndalama. Kontirakiti ya mu ndalama ya m'dzikomo imasungunuka ndalamayo ikagwa mphamvu. Ilembedwe mu madola kapena mayuro.

Kenako masiku olipirira. Malipiro amagawidwa kawirikawiri m'magawo khumi, kuyambira Sepitembala mpaka Juni, ndipo gawo lililonse liyenera kukhala ndi tsiku lake lolembedwa. Pansi pake payenera kukhala mzere wonena zochitika ndalama ikachedwa: pakatha masiku akutiakuti wosewera ali ndi ufulu wosiya kuchita maphunziro a timu popanda chindapusa, pakatha masiku ena, mwachitsanzo 30, ali ndi ufulu wothetsa kontirakiti, kulandira ndalama zonse zotsala ndi kusaina kwina. Popanda mzere umenewu, wosewera amene wanyanyala chifukwa chosalipidwa ndiye amaoneka wophwanya pangano. Ndipo akaganiza zogwiritsa ntchito ufuluwo, alembe kalata yochenjeza, ndi tsiku, n'kuitumiza mwa njira imene kontirakiti yatchula. Milandu yambiri imaonongeka chifukwa munthu anangokwiya n'kukwera ndege.

Mawu akuti "yotsimikizika" nawo ali ndi mphako zake. Pafupifupi kontirakiti iliyonse imayamba kugwira ntchito wosewera akapambana poyezedwa ndi dokotala wa timu. Palembedwe kuti kuyezako kuchitike m'masiku ochepa atangofika, komanso kuti akangochita nawo maphunziro a timu kapena kusewera, ndiye kuti wapambana. Kupanda kutero kalabu imatha kumuseweretsa masabata awiri, n'kuona kuti sakuwasangalatsa, kenako n'kutulutsa chithunzi cha bondo limene linachitidwa opaleshoni zaka zinayi zapitazo. Makalabu ena amaika nthawi yoyeserera ya masabata awiri kapena mwezi. Zimenezo si zoipa ngati wosewera akudziwa kuti zimene wasainira ndi mayeso, ndipo tikiti yobwerera ili kale m'manja. Za kuvulala zilembedwe mosabisa: malipiro apitirire mpaka kumapeto kwa kontirakiti, kalabu ilipire chithandizo, ndipo wosewera akhale ndi ufulu wokamva maganizo a dokotala wachiwiri womusankha yekha. Mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL ukaduka, kuchira kumatenga miyezi pafupifupi isanu ndi inayi mpaka chaka, ndiye kuti sizoni ino yatha ndipo yotsatirayo yalumidwa. Mabonasi a chikho asamuchititse munthu kuvomera malipiro otsika a pamwezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mzere umene tikuuona kuti ndi wofunika kuposa yonse uli chakumapeto, pamene anthu ambiri amakhala atatopa kuwerenga. Ndi wonena kumene mkangano udzaweruzidwire. Kuyambira 2007 pali bwalo la Basketball Arbitral Tribunal, lodziwika kuti BAT, limene likulu lake lili ku Geneva. Limamva milandu ya ndalama pakati pa osewera, aphunzitsi, maejenti ndi makalabu. Woweruza amakhala mmodzi, mlandu umayenda ndi zolemba m'Chingerezi, ndipo kalabu ikakana kulipira zimene yalamulidwa, FIBA ikhoza kuiletsa kulembetsa osewera atsopano ochokera kunja. Chilango chimenecho chimaluma. Koma BAT imamva mlandu pokhapokha ngati kontirakiti ikutchula kuti mikangano idzapita kumeneko. Pali makalabu amene amasainitsa mapepala awiri, lina la m'Chingerezi lotchula BAT, lina la m'chinenero cha m'dzikomo loti likalembetsedwe ku ligi, lokhala ndi ndalama zochepa ndiponso lotchula makhoti a komweko. Pa pepala loyambalo palembedwe kuti ndilo lili ndi mphamvu pakakhala kusiyana. Zigamulo za BAT zimaikidwa poyera pa intaneti. Kufufuza dzina la kalabu m'menemo kumatenga mphindi zochepa, ndipo kalabu imene yazengedwa kangapo chifukwa cha malipiro yadziulula yokha.

Komabe BAT si yankho lokwanira, ndipo apa ndi pamene tikutsutsana ndi amene amati dongosolo lilipo kale. Wosumira amayamba walipira ndalama zotsegulira mlandu ndi gawo lake la ndalama zoyendetsera, ndipo kalabu ikakana kupereka gawo lake, iye ayenera kuperekanso limenelo kuti mlandu upitirire. Loya nayenso amafuna zake. Kwa munthu amene wamanidwa malipiro a miyezi iwiri mu ligi yaing'ono, mtengo wa mlandu umayandikira ndalama imene akulondola, ndipo makalabu amadziwa zimenezi. Ena amangolengeza kuti agwa, n'kudzukanso ndi dzina lina m'bwalo lomwelo, ngongole zitatsala pa dzina lakale. Yankho lake n'losavuta kulimvetsa: ligi isapereke chilolezo chosewera kwa kalabu imene sinaike ku banki chikole chokwana malipiro a miyezi ingapo a osewera ake onse, ndipo chikolecho chizitsegulidwa malipiro akangochedwa. Ena adzati makalabu aang'ono adzafa. Kalabu imene imapuma chifukwa chosalipira antchito ake ikukhalira thukuta la anthu amene alibe mawu m'dzikomo, ndipo ikhoza kulemba osewera ochepa amene ingathe kuwalipira.

Pali pepala lina laling'ono limene laonongetsa masabata ambiri, Letter of Clearance, kalata yomasula wosewera kuti akalembetsedwe ku dziko lina. Wosewera akachoka dziko lina kupita lina, bungwe la basketball la dziko latsopanolo limapempha kalatayi ku bungwe la kumene anasewera komaliza. Chifukwa chomveka chokanira ndi chakuti munthuyo akadali pa kontirakiti. Choncho pochoka, ngakhale mwamtendere, pakhale chikalata chosainidwa ndi mbali zonse chothetsa kontirakiti, chonena ndalama zotsala ndi tsiku lolipira. Kalabu ina imauza wosewera kuti isaina pokhapokha akhululuke ngongole yonse, podziwa kuti timu yatsopano ikumudikira ndipo tsiku lotsekera kulembetsa layandikira. Chimodzimodzi chilolezo chogwirira ntchito. Wolowa m'maiko a Schengen, gulu la maiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ngati wongocheza amaloledwa masiku 90 pa masiku 180 alionse. Kalabu ikamazengereza mapepala, amene adzafunsidwe pa bwalo la ndege ndi wosewerayo.

Za maejenti tinene mwachidule. Ku NBA ejenti saloledwa kutenga zoposa 4 peresenti ya malipiro. Kunja mwambo wakhala wa 10 peresenti, ndipo kwa zaka zambiri imene inkalipira inali kalabu, zomwe zimabweretsa funso lakuti ejentiyo akutumikira yani mkangano ukabuka, makamaka ngati ali ndi osewera ena atatu pa kalabu yomweyo. FIBA imapereka ziphaso kwa maejenti ndipo mndandanda wawo umapezeka poyera. Aliyense wofuna kuti wosewera atumize ndalama kaye, kaya za viza, kaya za mayeso, ndi wakuba.

Pasipoti imatha kulemera kuposa luso. Chigamulo cha khoti la ku Ulaya cha mu 1995 pa mlandu wa Bosman chinatsegula zitseko kwa nzika za European Union kuti zisamawerengedwe ngati alendo m'maiko anzawo. Pangano la Cotonou la mu 2000, la pakati pa European Union ndi maiko ena, linachititsa kuti maligi ngati a Spain ndi France aziona osewera a m'maiko ambiri a mu Africa, Caribbean ndi Pacific mosiyana ndi alendo ena. Ku Spain timu ya ligi yaikulu imaloledwa osewera awiri okha ochokera kunja kwa magulu amenewa. Ndiye osewera awiri ofanana msinkhu ndi luso sakhala ndi mtengo wofanana: wa pasipoti ya Senegal kapena Nigeria amalowa osadya malo awiri aja, wa ya America yokha amalimbirana malowo ndi anzake mazanamazana. N'chifukwa chake ena amatenga unzika wachiwiri. FIBA imalola timu ya dziko kukhala ndi wosewera mmodzi yekha wotereyu. Bo McCalebb, wobadwira ku America, anafikitsa Macedonia mu ndime ya matimu anayi pa EuroBasket, mpikisano wa maiko a ku Ulaya, mu 2011, ndipo Lorenzo Brown, nayenso wa ku America, anatenga chikhocho ndi Spain mu 2022. Malamulo otere amasintha mosachenjeza. Mu 2018 ligi ya ku South Korea inalamula kuti mlendo asapitirire mamita awiri kutalika. David Simon anayezedwa n'kupezeka wapitirira ndi masentimita ochepa, ndipo sanaloledwe kusewera mu ligiyo sizoni yotsatira. Lamulolo linachotsedwa patangopita chaka.

Amene amayenda bwino panjirayi amaiona ngati makwerero. P.J. Tucker anatengedwa ndi Toronto mu 2006, anasewera masewero 17 okha, n'kudulidwa. Anatha zaka zisanu akuyenda: Israel, kumene anatenga ligi ndi Hapoel Holon mu 2008, Ukraine, Greece, Italy, Puerto Rico, kenako Germany, kumene anatenga ligi ndi Bamberg mu 2012. Pobwerera ku NBA ndi Phoenix Suns anali atadziwa ntchito yake yeniyeni, kumaka anthu aatali kumuposa ndi kuponya kuchokera pakona, ndipo ndi ntchito yomweyo anatenga chikho ndi Milwaukee Bucks mu 2021. Mike James, amene sanatengedwe pa draft mu 2012, anayambira ku Zagreb, n'kudutsa m'maligi a m'munsi a Israel ndi Italy, kenako Kolossos ku Greece, mpaka Baskonia inamuona mu 2014. Mu Malichi 2024 anaposa Vassilis Spanoulis n'kukhala womwetsa mapointi ochuluka kuposa onse m'mbiri ya EuroLeague, mpikisano waukulu wa makalabu a ku Ulaya. M'zaka zoyambirira, chosankhira timu chikhale mphindi zosewera ndi maso amene akuonera. Kalabu yosewera mpikisano wa maiko, kaya EuroCup kaya Basketball Champions League, imaonetsa munthu kwa olemba ntchito ambiri kuposa kalabu yolipira zochulukirapo pang'ono mu ligi imene mavidiyo ake sapezeka. Basketball Africa League, imene inayamba ku Kigali mu 2021 ndi matimu 12, ndi zenera labwino la mtundu womwewo, ngakhale kuti ndi yaifupi moti singadyetse munthu chaka chonse. Ndipo aphunzitsi amaimbirana mafoni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogolera: wochedwa ku maphunziro a timu ku Lithuania amapeza mbiriyo itamudikira ku Belgium.

Malipiro amabwera miyezi khumi koma moyo umadya miyezi khumi ndi iwiri, ndipo mphako imeneyi imakankhira ambiri kukasewera nthawi yopuma ku Puerto Rico, ku Canada kapena ku New Zealand. Ndalama imalowa, koma mawondo ndi mitsempha ya ku chidendene sizipeza nthawi yochira, ndipo wofika ku kampu ya Ogasiti ali wotopa ndiye amavulala mu Okutobala. Kuchita zimenezi chaka chimodzi pofuna mavidiyo atsopano n'komveka. Kuchita zaka zinayi motsatana n'kudya mbewu. Amayi akhala akusenza mtolo umenewu kuposa amuna, popeza kwa zaka zambiri malipiro a WNBA, ligi ya amayi ya ku America, ankawakakamiza kusewera kunja miyezi yozizira. Mu 2015 Diana Taurasi sanasewere sizoni ya WNBA chifukwa kalabu yake ya ku Russia, UMMC Ekaterinburg, inamulipira kuti apume. Brittney Griner anamangidwa mu Febuluwale 2022 akubwerera ku kalabu yomweyo, ndipo anatulutsidwa mu Disembala. Mu Malichi 2020 maligi anaima chifukwa cha mliri, ndipo mu 2022 makalabu a ku Russia anachotsedwa mu EuroLeague nkhondo itayamba. Nthawi zonsezo alendo anafunika kusankha m'masiku ochepa, kukhala kapena kuthawa, ndipo chimene chinanena ngati alandira ndalama zawo chinali zolembedwa mu kontirakiti pa nkhani ya ligi kuima. Mzere umenewo ulembedwe usanafunike: ligi ikaima malipiro atani, ndani agula tikiti, ndipo wosewera amasulidwa pakatha masiku angati.

Ena adzati anthuwa ndi akuluakulu, amasaina okha, ndipo ambiri angakonde kulipidwa chifukwa chosewera mpira. Zoonadi amasaina okha. Koma taonani mmene kusainako kumachitikira. Ndi mu Ogasiti, malo akutha, ejenti waimba foni kuti kalabu ikufuna yankho pofika mawa, pepalalo ndi la masamba khumi ndi awiri, ndipo wosewerayo ali ndi zaka 23. Mbali inayo kuli kalabu imene yalemba mapepala oterewa mazana. Osewera a NBA ali ndi bungwe lawo lamphamvu lowalankhulira, a EuroLeague anakhazikitsa lawo mu 2018, koma woyendayenda wa m'maligi apakati ndi a m'munsi, amene chaka chamawa adzakhala dziko lina, alibe womuimira. FIBA ikhoza kulamula kuti kontirakiti iliyonse ya wosewera wochokera kunja ikhale ndi mizere itatu yosachotseka, wa BAT, wa kuchedwa kwa malipiro ndi wa kuvulala, ndi kuti Letter of Clearance yolowera isavomerezedwe ku kalabu imene sinaionetse. Kalatayo imadutsa kale m'manja mwa FIBA pa kusamuka kulikonse kwa pakati pa maiko.